Mmisiri Amene Anachotsa Anthu pa Chithunzi

Tsegulani foni yanu muyang'ane zithunzi za tsiku lija tinakwera phiri. Werengani kuti ndi zingati zimene zikuonetsa phiri lokhalokha. Ambirife tipeza kuti palibe, kapena chilipo chimodzi chimene chinajambulika mwangozi chala chitaterereka. Zina zonse ndi ife basi: wina wakweza zala ziwiri, wina wakhala pa thanthwe ngati mwini dziko, ndipo phiri lili kumbuyo ngati nsalu ya mu situdiyo. Ana a ku pulayimale nawonso amatero. Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, mukawauza kuti ajambule phiri la Ntcheu, amayamba ndi nyumba, kenaka mayi atasenza ndowa, kenaka minibasi, ndipo phiri limabwera pomalizira, kamzere kokhota pamwamba pa pepala.

Anawo sakulakwa. Kwa zaka mazanamazana akatswiri ojambula a ku Ulaya ankachita chimodzimodzi. Chithunzi chinkayenera kukhala ndi nkhani, ndipo nkhaniyo inkayenera kukhala ya munthu: mfumu, msilikali, Adamu ndi Hava, Mariya ndi mwana wake. Phiri, mtengo ndi mtsinje zinkangodzaza malo otsala. Ngakhale kwa anansi athu ku Dedza, pa miyala ya ku Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, makolo anajambulapo nyama, zilombo za nyau, mizere, madontho ndi zizindikiro za chinamwali. Mapiri amene anawazungulira sanawaike pa mwala.

Munthu amene anayamba kusindikiza pa pepala zithunzi za mapiri ndi mitengo popanda munthu ngakhale mmodzi anali Mjeremani wina, dzina lake Albrecht Altdorfer. Tinene msanga kuti kuyamba kumeneku n'kwa ku Ulaya kokha, chifukwa ku China akatswiri anali atajambula kale mapiri ndi mathithi kwa zaka mazana angapo iye asanabadwe. Komabe moyo wake ndi woyenera kuudziwa, chifukwa m'zaka zomwezo zimene ankachotsa anthu pa zithunzi za mapiri, anajambulanso nyumba ina yopanda anthu, ndipo kusowa kwa anthu m'nyumba imeneyo kunali ndi tanthauzo lina, loopsa.

Altdorfer anabadwa cha m'ma 1480. Bambo ake, Ulrich, analinso wojambula, ndipo mbale wake Erhard anatsata ntchito yomweyo. Mu 1505 analembetsa kukhala nzika ya mzinda wa Regensburg, ndipo kaundula wa mzindawo anamulemba kuti ndi wojambula wochokera ku Amberg. Regensburg ili m'mbali mwa mtsinje wa Danube, kum'mwera kwa Germany. Kale unali mzinda wolemera. Mlatho wake wa miyala, womangidwa m'zaka za m'ma 1100, ukadalipo mpaka lero. Koma pamene Altdorfer ankafika, malonda anali atasamukira ku Nuremberg ndi ku Augsburg, ndipo amisiri ambiri a mumzindamo anali m'ngongole. Zimenezi tizisunge, tidzazifuna kutsogoloku.

Chizindikiro choyamba cha kumene mtima wake unkalowera chili pa kachithunzi ka penti ka mu 1510, kojambulidwa pa chikopa, kukula kwake pafupifupi ngati pepala la A4. Nkhani yake ndi ya George Woyera, msilikali wa m'nthano amene anapha chinjoka. Ena onse ankajambula kavalo wamkulu atadzaza chithunzi, mkondo utalowa m'kamwa mwa chilombo. Altdorfer anadzaza chithunzi chonse ndi masamba, kuyambira pansi mpaka pamwamba, osasiya ngakhale mtambo. Msilikali uja muyenera kuchita kumufunafuna. Ali pansi pake, wamng'ono, ndipo chinjokacho chikuoneka ngati chule wotupa. Pakati pa mitengo pali kampata kamodzi kamene kakuonetsa mapiri akutali. Nkhalango ndiyo mwini chithunzi, ndipo George wangokhala mlendo wodutsa.

Cha m'ma 1511 anayenda kutsika ndi Danube kulowa m'dziko la Austria, kufupi ndi mapiri a Alps. Chojambula chake cha cholembera cha chaka chimenecho chikuonetsa malo otchedwa Sarmingstein, pamene mtsinje wapanikizika pakati pa matanthwe. Atabwerera ntchito inamuyendera. Anajambulira mfumu yaikulu Maximilian I, anajambulira nyumba ya ansembe ya St Florian pafupi ndi Linz, ndipo mu 1513 anagula nyumba mumzinda. Mwana wa wojambula wamba anasanduka munthu wodziwika, mpaka analowa m'khonsolo ya mzinda.

Kulemba ndi singano, kukumba ndi asidi

Kuti timvetse chimene anachita ndi mapiri, tiyenera kudziwa njira zosindikizira zithunzi zimene zinalipo pa nthawiyo. Yoyamba tonse timaidziwa, chifukwa ndi ya chidindo cha ahedi kapena cha amfumu. Mmisiri amasema thabwa, n'kuchotsa paliponse pamene akufuna kuti patuluke poyera; zotukuka zimene zatsala ndizo zimatenga inki. Yachiwiri ndi yotembenuza. Mmisiri amatenga mkuwa wafulati wosalala, n'kumakumbapo mizere ndi kachitsulo kosongoka, mokankha ndi chikhatho. Apa inki imakhala m'mizere yokumbayo, osati pamwamba. Ntchito imeneyi imatenga zaka kuti munthu aidziwe, ndipo dzanja silimasuka. Zili ngati kugalauza nthaka youma ya mu October: khasu limapita kumene mphamvu yakulola, osati kumene diso likufuna.

Njira yachitatu, imene Azungu amaitcha etching, inachokera kwa amisiri okongoletsa zovala zachitsulo za kunkhondo. Iwo ankalemba maluwa pa zisoti ndi pa zapachifuwa za asilikali olemera pogwiritsa ntchito asidi. Cha m'ma 1500, Daniel Hopfer wa ku Augsburg anaganiza zopaka inki pa chitsulo cholembedwa motere n'kuchipsinja pa pepala. Kuyambira pamenepo luso la osula zida linakhala luso la ojambula.

Kachitidwe kake n'kotere. Chitsulo chafulati amachipukuta mpaka chinyezimire, n'kuchipaka phula losakaniza ndi utomoni. Ambiri amachidetsanso ndi mwaye wa kandulo kuti mizere izioneka bwino. Ndiye wojambula amatenga singano n'kumalemba pa phulalo. Sakumba chitsulo ayi, amangokanda phula kuti chitsulo chionekere. Akatha amathirapo asidi, kapena kuchiviika. Pamene pali phula asidi sagwira, koma pamene singano inadutsa amadya chitsulo, n'kusiya kangalande. Kukhalitsa mu asidi ndiko kuzama kwa ngalande, ndipo ngalande yozama imasunga inki yambiri, mzere wake n'kutuluka wakuda bii. Phula likachotsedwa amapaka inki paliponse, kuikankhira m'ngalande, kenaka n'kupukuta pamwamba mpaka pakhale poyera. Pomaliza amaika pepala lonyowa pang'ono pamwamba pa chitsulo, n'kudutsitsa zonse pakati pa zogudubuza ziwiri zopanikiza kwambiri. Pepala limalowa m'ngalande muja n'kuzula inki.

Ngati muli ndi K2000 yatsopano m'thumba, ngakhale tikudziwa kuti mwezi ukafika pakati pano pa koleji ndi ochepa amene amakhala nayo, sisitani chala pa nkhope ya John Chilembwe. Kukhakhala kumene mukumvako ndi inki imene pepala linazula m'mizere ya chitsulo. Ndalama sazipanga ndi singano ndi phula monga ankachitira Altdorfer, koma mfundo ya inki yobisala m'ngalande ndi yomweyo.

Chinthu chimodzi chimene chimasokoneza aliyense woyamba kumene n'chakuti chithunzi chimatuluka chotembenuka, monga pa galasi loyang'anira nkhope. Chimene munalemba kumanja chimatulukira kumanzere. Amene akufuna kuikapo mawu ayenera kulemba zilembo chambuyo.

Ubwino wa njirayi ndi woti singano imayenda pa phula mopepuka, ngati kamtengo pa dothi lonyowa. Aliyense wodziwa kujambula ndi cholembera angathe. Vuto la masiku oyambawo linali lakuti ankagwiritsa ntchito chitsulo chimene chimachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo linkasiya mawanga pa pepala. Mkuwa unadzalowa m'malo mwake pambuyo pake. Albrecht Dürer wa ku Nuremberg, katswiri wamkulu wa nthawiyo, anayesa njirayi kasanu ndi kamodzi pakati pa 1515 ndi 1518, n'kuisiya. Chomaliza chake, cha mu 1518, chili ndi chigwa chokongola, koma kutsogolo anaikako mzinga wa nkhondo ndi anthu ataimirira. Ngakhale Dürer sanasindikize dziko lokha.

Altdorfer anaona chimene singano ingathe. Pakati pa 1518 ndi 1522 anatulutsa zithunzi zisanu ndi zinayi za mapiri, zigwa ndi mitengo. Zazing'ono ndi zofanana ndi chikhatho chotambasula, ndipo zazikulu sizifika pa A4. Mulibe woyera mtima, mulibe mlenje, mulibe nkhani. Kawirikawiri kutsogolo kumaima mtengo wautali wa mtundu wa paini, umodzi kapena iwiri, nthambi zake zitagwa pansi, ndere zikulendewera ngati ndevu za nkhalamba. Amene anayendapo m'nkhalango za pamwamba pa mapiri athu, kumene nkhungu imagona, amazidziwa ndere zotere pa misuku ndi pa mitengo ya tsamba. Kuseri kwa mtengowo dziko limatsika: kamsewu, mlatho, chigayo cha madzi, nyumba ya malinga pa thanthwe, kenaka mapiri, mzere pambuyo pa mzere, mpaka omaliza angotsala timizere tiwiri titatu tosaoneka bwino.

Pamenepa ndi pamene pali luso. Alibe utoto wa buluu woti aonetsere kutali, ali ndi mzere wakuda ndi pepala loyera basi. Choncho zapafupi amazilemba ndi mizere yambiri yopiringizana, zakutali ndi mizere yochepa yopyapyala, ndipo kuwala kwa dzuwa ndi pepala limene sanalikhudze. Masamba sawawerenga limodzilimodzi. Dzanja limangozungulira, kugwedera, kutsetsereka, ndipo diso lathu ndilo limamaliza ntchito n'kunena kuti uwu ndi mtengo. Mukaima pa msewu wa M1 cha ku Mlangeni m'mawa wa mu June n'kuyang'ana mapiri a ku Angonia, muona zomwezo: chitsamba chapafupi chili ndi mizere chikwi, koma phiri lakutali ndi kamzere kamodzi.

Sanali kujambula malo enieni oti mungapite kukawaloza. Ankatenga mtengo wa kuno, thanthwe la uko, n'kuzilumikiza m'mutu mwake. Anasindikiza makope owerengeka, ndipo ena anawapaka utoto wa madzi ndi dzanja, zimene zikusonyeza kuti ankapangira anthu ochepa okonda zojambula, osati msika wa aliyense. Nyumba ndi milatho zikuchitira umboni kuti anthu alipo kwinakwake, koma palibe amene waima kutsogolo kuti atiuze choti tiganize. Malo a munthu pa chithunzipo atsalira woyang'anayo. Ife tikuganiza kuti ichi ndicho chatsopano chenicheni chimene anabweretsa: anakhulupirira kuti munthu angayang'ane phiri kwa nthawi yaitali popanda womufotokozera nthano.

February 1519

Tikanakonda nkhaniyi ikanathera pa mitengo. Koma mbiri ya munthu sitisankha pokoma pokha ngati tomato wa pa Lizulu.

Mu Regensburg munkakhala Ayuda kwa zaka zoposa 500. Anali ndi dera lawo pakati pa mzinda, sukulu yodziwika ya malamulo a chipembedzo chawo, manda awo, ndi sunagoge womangidwa m'zaka za m'ma 1200. Chuma cha mzinda chitalowa pansi, amisiri ndi amalonda anayamba kuloza zala Ayuda, amene ena mwa iwo ankakongoza ndalama. Mlaliki wa m'tchalitchi chachikulu, Balthasar Hubmaier, ankasonkhezera moto umenewu pa guwa. Chimene chinkatchinga chinali chimodzi: Ayuda anali pansi pa chitetezo cha mfumu yaikulu Maximilian, amene ankalandira msonkho wawo.

Maximilian anamwalira pa 12 January 1519. Mpando ukadali wopanda munthu, khonsolo ya mzinda inaona mpata. Pa 21 February inalamula kuti Ayuda onse, anthu pafupifupi 500, atuluke mumzinda m'masiku ochepa, m'nyengo ya chisanu choopsa, ndipo sunagoge amusiye m'maola awiri okha. Nyumba zawo zinagumulidwa. Manda anafukulidwa, ndipo miyala ya pamanda masauzande inatengedwa kukamangira. Ina ikuonekabe m'makoma a nyumba za mumzindamo. Altdorfer anali m'khonsolo imene inachita zimenezi.

Sunagoge asanagwe, iye analowamo ndi zojambulira zake. Zimene anaona anazitulutsa pa zithunzi ziwiri za etching. Choyamba chikuonetsa khonde lolowera, muli anthu awiri. Chachiwiri chikuonetsa chipinda chopemphereramo: nsanamira zitandandalika pakati, denga lokhota, nsanja yowerengerapo malemba, kuwala kukulowa pa mazenera. Mulibe munthu. Chithunzicho n'chofatsa, cholemekezeka, chopanda chipongwe chilichonse, pamene zithunzi zambiri za Ayuda za nthawi imeneyo zinali zonyoza. Koma pamwamba pake, pa chitsulo chake chomwe, anaikapo mawu a Chilatini onena kuti sunagogeyu anagwetsedwa mwa chiweruzo cholungama cha Mulungu. Pa china chija analembapo tsiku, 21 February 1519. Kumbukirani kuti mawu pa etching amalembedwa chambuyo, chilembo chimodzichimodzi. Si mawu opulumuka m'kamwa mwangozi.

Pogumula nyumbayo, mmisiri wina wa miyala anagwa kuchokera pamwamba koma osafa pomwepo, ndipo anthu anati n'chozizwitsa cha Mariya. Pamalo pa sunagoge anamangapo msanga kachisi wa matabwa, anthu masauzande n'kuyamba kukhamukirako, ndalama n'kuyamba kulowa mumzinda. Altdorfer anapindula nawo: anajambula chithunzi cha Mariya wa pamalopo chosindikiza ndi mitundu ingapo, ndiponso zizindikiro zimene alendowo ankagula.

Pano tisafulumire kunena kuti ndi zochita za mpingo uja, ife sizikutikhudza. Hubmaier yemweyo anadzatembenuka n'kukhala mmodzi mwa atsogoleri ophunzitsa ubatizo wa akuluakulu, ndipo anawotchedwa ku Vienna mu 1528 chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho. Martin Luther, amene anayamba kutsutsa Roma mu 1517, analemba buku lankhanza kwambiri lonena za Ayuda mu 1543. Tchalitchi cha miyala chimene chinamangidwa pamalo a sunagoge chinadzakhala choyamba cha Chiprotestanti mumzindamo mu 1542. Chidani chimenechi chinadutsa malire a mipingo popanda chiphaso.

Nanga munthu amene anajambula sunagoge mwaulemu chotere, n'kulembapo mawu otere, timuweruze bwanji? Ena amati anafuna kusunga chikumbutso cha nyumba imene monga mmisiri wa zomangamanga anaiona kuti ndi yokongola. Ena amati anangoona malonda, pakuti nkhani yotentha imagulitsa pepala. Zonsezi zingakhale zoona pa munthu mmodzi. Chimene ife sitingavomereze ndi kunena kuti chithunzicho chikumuyeretsa. Diso lake linaona bwino nsanamira ndi kuwala, koma anthu amene ankapemphera pansi pa nsanamirazo anali akumanga katundu panja, ndipo iye anali kumbali ya owathamangitsa. Pa zithunzi za mapiri, kusowa kwa munthu kumatipatsa malo oti tilowemo. Pa chithunzi cha sunagoge, chipinda chili mbee chifukwa eni ake achotsedwa. Dzanja ndi lomwelo, singano ndi yomweyo, zaka ndi zomwezo.

Zotsala za moyo wake tingazidutse msanga. Mu 1526 anakhala mmisiri wamkulu wa zomangamanga wa mzinda, woyang'anira nyumba za boma ndi malinga. Mu 1528 anamusankha kukhala meya koma anakana, pofuna kumaliza chithunzi chimene wolamulira wa Bavaria, Wilhelm IV, anamutuma. Chithunzicho, chomalizidwa mu 1529, ndi cha nkhondo ya ku Issus ya mu 333 BC, pamene Alexander wa ku Greece anagonjetsa Darius wa ku Persia. Amene tinaphunzira za tonde ndi nkhosa yamphongo za pa Danieli 8 maufumu awiriwa si achilendo kwa ife. Pali asilikali masauzande ang'onoang'ono ngati linthumbu, koma ngakhale apa, theka la chithunzi ndi mapiri, nyanja ndi mitambo, dzuwa likulowa mbali ina, mwezi uli mbali ina. Lero chili ku Munich. Mkazi wake Anna anamwalira mu 1532, ndipo iye anatsatira pa 12 February 1538, ali munthu wachuma.

Njira imene anatsegula ena anaipitiriza. Augustin Hirschvogel ndi Hanns Lautensack anasindikiza zithunzi zambiri za mapiri ndi mitsinje m'zaka za m'ma 1540 ndi 1550, ndipo patapita zaka zana Rembrandt ku Holland anafika nayo patali etching ya minda ndi mitengo. Lero kalendala ya chithunzi cha Mulanje chopanda munthu sitiidabwa n'komwe.

Sunagoge uja naye anadzaonekanso. Pakati pa 1995 ndi 1998 akatswiri ofukula zakale anakumba pabwalo la Neupfarrplatz, n'kupeza maziko ake ndi zipinda zapansi za nyumba za Ayuda. Maziko amangouza kukula kwa nyumba. Mmene inkaonekera m'kati, nsanamira ndi denga, tikudziwa chifukwa cha mapepala awiri a Altdorfer. Mu 2005 mmisiri wa ku Israel, Dani Karavan, anamanga chikumbutso choyera chotsata mizere ya mazikowo, ndipo anthu amakhalapo n'kumacheza.

Mapiri athu

Sitikuyerekeza mtengo ndi munthu, ndipo kudula nkhalango si chimodzi ndi kuthamangitsa mabanja. Koma pali funso limene moyo wa Altdorfer watisiyira ife a kuno ku Ntcheu, okhala pakati pa mapiri a Kirk, Chirobwe, Dzonzi ndi Mvai. Mapiri amenewa akusintha tikuona. Damu la Mpira, limene limamwetsa anthu a ku Ntcheu, Balaka ndi madera oyandikana nawo, linaphwa mu 2018, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zinatchulidwa ndi kutha kwa mitengo kumene madzi ake amachokera. Tikafuna kuuza ana mmene phiri linalili agogo ali anyamata, timadalira pakamwa pa agogowo, ndipo mwana wobadwa phiri litameta kale amangoti dziko linalengedwa choncho.

Chithunzi sichiletsa nkhwangwa. Nkhani ya sunagoge yatiphunzitsa kale zimenezo. Ndiponso tisadzinamize, ambirife nsima ya dzulo inapsa ndi makala a m'matumba aja timawaona m'mbali mwa msewu, kotero wojambula phiri ndi womaliza phiri angathe kukhala munthu mmodzi. Komabe mwana amene wakhala ola lathunthu akuyang'ana phiri kuti alilembe amadziwa pamene pali mitengo ndi pamene pali zitsa, amadziwa khwawa limene madzi anang'amba chaka chatha. Wayang'ana chinthu chimene tonsefe timangochidutsa. Ndipo pepala lake, likalembedwa tsiku n'kusungidwa mu ofesi ya ahedi, lidzakhala ndi choti linene kwa kalasi ya zaka makumi awiri zikubwerazo.

Asidi ndi mkuwa sitingazibweretse m'kalasi ya Sitandade 6, ndipo sitiyenera kutero. Koma mfundo yake ingaphunzitsidwe ndi zinthu za pa dzala. Chidindo cha mbatatesi ya kwa Tsangano chimaonetsa njira yoyamba ija, ya zotukuka. Kuti muonetse njira ya ngalande, tengani katoni ya mkaka kapena ya juwisi, ya m'kati monyezimira, muidule ikhale yafulati, muitsuke. Mwana akandepo chithunzi chake ndi msomali kapena munga wa mthethe. Pakani polishi wakuda wa nsapato, mumukankhire m'mizere ndi kansalu, kenaka pukutani pamwamba ndi nyuzipepala mpaka kunyezimira kubwerere. Ikani pepala lonyowa pang'ono, mulisisite mwamphamvu ndi kumbuyo kwa supuni. Sichituluka chakuda ngati cha makina, ndipo katoni imatopa ikasindikiza katatu kapena kanayi, koma mizere imaoneka.

Lamulo likhale limodzi lokha pa phunziro limenelo: lero palibe nyumba kutsogolo, palibe mayi wa ndowa, palibe minibasi. Atulutseni panja, akhale moyang'ana phiri, ayambe ndi mtengo umene uli pafupi nawo, mizere yambiri, kenaka apite kutali, mizere ikucheperachepera. Ena adzadandaula kuti palibe chojambula. Asiyeni akhale kaye phee. Ndipo musawauze za kutembenuka kuja. Dikirani mpaka woyamba asendule pepala lake, apeze kuti nsonga ya phiri imene anaikanda kumanja yatulukira kumanzere.